Masipesa a Ulendo wa ku Wenya

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira! Madzi a m'ndowa akuluma mano.

Loweruka lino ndikukaonekera kwa makolo a Tiwonge ku Wenya. Naini koloko m'mawa. Ndalemba pa kalendala ya ku ofesi ndi cholembera chofiira. Ili ndi tsiku lachiwiri kundipatsa. Loyamba linali mu Epulo, koma ine ndinali ku Dar es Salaam kudikira galimoto yanga ituluke padoko, nkhuku zawo n'kufa ulele. Bambo ake, a Sichinga, anatumiza mawu kudzera kwa a Msukwa: "Tsiku lachiwiri tapereka. Lachitatu tilibe."

A Msukwa ndiye thenga wanga, kwathu ku Ntcheu tikanati ankhoswe. Ndi amesenjala a pa ofesi pathu, mkulu wa mpingo, munthu wa thupi lake. Akakhala pa benchi, benchi imadziwa.

Tiwonge ndimamukonda. Ndilembe poyera, poti kabuku aka sawerenga wina. Zaka zinayi ndili ku Chitipa kuno, anzanga onse obwera nawo anapempha kusamutsidwa, ine chondigwira mwendo ndi iyeyo basi.

Tsopano za galimoto. Yofiira, zitseko ziwiri, mimba pafupi ndi nthaka. Amayi a mumsika akuitchula Nsapato. Sadziwa kanthu, ndawakhululukira. Koma lero m'mawa ndikutsuka mkamwa pakhonde, ndaona chinthu chimene miyezi iwiri yonseyi sindinachione. Matayala analowa mkati! Thupi lili kunja, matayala abisala pansi pa madigadi ngati maso a munthu wongochira malungo. Pa chithunzi cha pa kompyuta ya ku ofesi, galimoto ya mtundu womwewu ku Japan tayala limathera pomwe pathera madigadi, ndendende. Yawo yaima ngati mwamuna. Yanga yaima ngati ikupepesa.

Sindingakaonekere kwa apongozi ndi galimoto yopepesa.

Mankhwala ake alipo, dzina lake masipesa. Ndi timbale tachitsulo tolowa kuseri kwa limu, tayala n'kusendera kunja. Nkhani yagona pa kunenepa kwa kambaleko. Ukachepetsa, palibe aone kusintha. Ukakulitsa, tayala lituluka ngati dzino la njiri.

Zochita sabata ino:
1. Masipesa.
2. Kutsuka mipando.
3. Suti kwa achapa.
4. Mphatso za kwa apongozi.
5. Kuimbira Tiwonge.

Titaweruka ndaimika galimoto pa simenti ya kuseri kwa ofesi, malo okhawo osapendekeka pa boma lonse lino. Zida: rula ya boma, ulusi, ndi nati womangirira kunsonga kwa ulusiwo. Ndatsitsa tayala la sipeya, jeke ndi sipanala ya mawilo, ndaika m'sitolo ya ofesi kuti galimoto iime mwachilungamo. Alonda abwera kudzatsamira pabuti kuti aonere. Ndawapempha asunthe, akusokoneza muyeso. Akuti, "Pepani, sin'nadziwe kuti ili pa sikelo."

Zotsatira: kutsogolo mamilimita 15, kumbuyo 20. Ndayeza katatu.

Tiwonge ndimuimbira mawa. Netiweki kwawo imapezeka pachulu cha kuseri kwa sukulu yomwe amaphunzitsa, ndipo pano kwada kale.

Lachiwiri, 10 Juni

Kwa Fundi, makaniko wa kuseri kwa msika. Dzina lake lenileni palibe amalidziwa. Amayankhula zinenero zitatu m'mpweya umodzi ndipo zonse zimathera pa kuseka.

Ndamufotokozera bwinobwino, ndi chithunzi chomwe. Mafunso ake:

"Ithamanga kwambiri?" Ayi.
"Mafuta achepa?" Ayi.
"Mabuleki agwira bwino?" Chimodzimodzi.
"Sasa bwana, ikulwala vichi?"

Ndamuuza kuti siikudwala, ikungofunika kuima bwino. Wayang'ana galimoto. Akuti akuona kuti yaima kale.

Nditatchula za ku Wenya wasiya sipanala pansi. "Na iyi?" Waitana wowotcherera wa pafupi naye kuti amve yekha, asadzanene kuti Fundi amapeka nkhani.

Masipesa pa Chitipa palibe. Ku Karonga akuti mwina, koma mwina wa ku Karonga ndimamudziwa. Odalirika ndi a ku Tunduma, kumalire a Tanzania. Mwayi wake, Mayi Nabanda ogulitsa zitenje, a kwathu kumwera komwe, akupita mawa kukaoda katundu, abwera Lachinayi. Ndawalembera pa pepala: a 15 awiri, a 20 awiri, mabowo asanu aliyense. Ndajambula ndi chithunzi. Apinda pepalalo kanayi, amangirira pa mfundo ya chitenje. Akuti, "Musade nkhawa, mwana wanga, ine msika sundipusitsa."

Masana mtima wayamba kukayika. Kumbuyo 20 kapena 25? Ndayezanso pabwalo la kunyumba. Kumanzere 18, kumanja 23. Ndatembenuza galimoto: kumanzere 23, kumanja 18. Ndiye kuti wopendekeka ndi landilodi, osati ine.

Mafayilo patebulo afika m'chigongono. Bwana afunsa lipoti la mwezi watha. Ndati lili mkati. Kuseri kwa fomu ya tchuthi ndajambula matayala asanu ndi atatu, lililonse ndi muyeso wake.

Tiwonge: mawa ndithu.

Lachitatu, 11 Juni

Tiwonge waimba yekha. Mphepo ikumveka kuposa mawu ake.

"Mubwera anthu angati? Amama akufuna adziwe." Atatu: ine, a Msukwa, ndi amalume ochokera ku Ntcheu.
"Bulangete la adada mwagula?" Ndati inde. Ndigula lero, ndiye kuti si bodza lalikulu.
"Msewu uli ngati malata, makamaka mukapitirira pa Chisenga. Bwerekani pikapu ya Fundi."

Pikapu ya Fundi! Yonyamula mbuzi, yolira ndi waya, chitseko chomanga ndi mphira. Ine ndamufotokozera za masipesa, kuyambira pachiyambi, chifukwa chake kumbuyo kumafuna okulirapo kusiyana ndi kutsogolo. Zii. Ndimayesa netiweki yathawa, ndati halo, halo.

"Ndilipo," akutero. "Pachulu pano pakuzizira. Chonde musachedwe. Adada saseka."

Mayunitsi ake atha. Ndimati ndimuuze kuti ndamusowa, koma ndinayamba ndi mamilimita.

Pa nkhomaliro a Msukwa andiphunzitsa mwambo. Adya chipisi changa, ine ndikulemba:

Galimoto isafike pakhomo penipeni, iime patali.
Chipewa m'manja.
Kugwada maondo onse awiri, osati limodzi ngati wojambulitsa timu ya mpira.
Apongozi aakazi osawayang'ana kumaso.
Osayankhula pokhapokha utafunsidwa, ndipo sudzafunsidwa.
Moni ndi "monire". Kuthokoza ndi "yewo", kukana ndi "yaye". Ukasowa chonena, "yewo".

Zaka zinayi kuno, Chitumbuka changa chimathera pa kugula tomato. Akuti zilibe kanthu, chachikulu ndi khalidwe. "Kwa eni ake, adada, amayang'ana mmene munthu akusungira anthu ake." Ndavomera ndi mutu, ndikuganiza ngati 15 wa kutsogolo sachepa.

Ndagula: bulangete la nyalugwe, chitenje cha amayi ake, belo la shuga, kireti ya zakumwa, mchere, sopo. Zonse zalowa m'buti, malo n'kutsalako pang'ono. Aziti Nsapato!

Lachinayi, 12 Juni

Mayi Nabanda afika ndi minibasi ya masana. Masipesa ali m'jumbo, pakati pa zitenje.

Anayi. Onse a 30.

Ndawafunsa mwaulemu. Akuti pepala analionetsa, ndipo mwini shopu anatulutsadi a 15 ndi a 20, koma anali opyapyala omvetsa chisoni. Atafunsa onenepawa, mtengo womwewo. "Ndati mwana wa eni ake asaberedwe ine ndilipo. Chitsulo chambiri, ndalama yomweyo. Ngakhale nsapato za mwana timagula zokulirapo." Andiyang'ana akudikira zikomo. Ndathokoza.

Ndathamangira kwa Fundi. Wavula tayala limodzi, walowetsa sipesa, wabwezera limu. Mabawuti afupika. Nati akungozungulira katatu, basi wafika kumapeto. Fundi wawerenga mokweza: moja, mbili, tatu. "Bwana, mukatere, pa Wenya tayala lifika lokha, imwe pambuyo."

Njira zomwe zilipo:
(a) Kupita nawo ku Karonga akawasende pa makina. Masiku awiri. Ndilibe.
(b) Kuwapala ndi girayinda pompano. Magetsi athima kuyambira m'mawa.
(c) Kuzula mabawuti aatali pa galimoto yakufa ya kuseri kwa galaja.
(d) Kuisiya galimoto mmene Mulungu ndi Ajapani anaipangira. Awa ndi maganizo a Fundi.

Ndasankha (c). Fundi akuti walira mvula walira matope. Ndamuuza kuti uno ndi Juni.

Hamala yalira mpaka dzuwa kulowa. Mabawuti makumi awiri, ena adzimbiri, awiri opindika pang'ono. Galimoto yagona pa galaja, pa njerwa, yopanda tayala ndi limodzi lomwe. Ndabwerera kunyumba wapansi, mtima uli m'mwamba ngati ndasiya wodwala kuchipatala.

Amalume aimba ali pa depoti ya Ntcheu. Anyamuka, akagona pa Mzuzu. Afunsa ngati zonse zili m'malo. Ndati zatsala zing'onozing'ono.

Suti sindinatenge kwa achapa. Tiwonge sindinamuimbire. Ndikanamuuza chiyani, za mabawuti?

Lachisanu, 13 Juni

Yaima!

Leveni koloko Fundi watsitsa jeke wake womaliza, galimoto yatera pansi. Ndabwerera m'mbuyo mapazi khumi kuti ndiione bwino. Kumbuyo tayala latuluka ndi chala chimodzi, kutsogolo chala ndi theka. Si ndendende ngati ya pa chithunzi, yapitirira, koma yapitirira mwaulemerero. Mapewa otambalala. Yaima ngati ng'ombe yamphongo pa dibi. Misozi yalengeza, ndanamizira fumbi.

Fundi walowetsa chala pakati pa tayala ndi madigadi. Chalowa. Akuti tiyese kukwezamo anthu tione, waitana anzake anayi a m'galaja. Maovolosi awo girizi yekhayekha, ine mipando ndinatsuka ndi sopo wonunkhira. Ndakana. Wakweza mapewa. "Haya. Pokhota muzikhota mwaulemu."

Ndazungulira boma katatu ndekha: chipatala, msika, polisi, kubwerera. Palibe phokoso ngakhale limodzi. Pa chipatala anthu atembenuka. Pa msika mayi wina wakuwa kuti Nsapato yatupa. Wapolisi wa pamsewu waizungulira kawiri, wati "Eee", wandilola kupita. Ndajambulitsa zithunzi ziwiri kwa wojambula wa pa positi, china nditagwira chitseko, china galimoto yokha.

Ku ofesi ndalowa thu koloko. Lipoti lili mkati.

Folo koloko, pa depoti. Amalume atsika, jekete lawo la maukwati lili m'manja. Pambuyo pawo atsika azakhali, mlongo wa malemu bambo. Sanatchulidwe ndi munthu. Akuti mwana wa mchimwene wawo sangakaonekere kwa eni ake ndi mbali imodzi ya mtundu ngati wogwa m'mwamba. Pambuyo pa azakhali, amuna awiri atsitsa thumba la kachewere, lija losokerera kansalu pamwamba. Amalume akuti munthu wa ku Ntcheu sapita kwa apongozi manjamanja, ndipo uyu ndi wa m'munda mwawo.

Ndawatengera pomwe ndaimika galimoto. Amalume aiyang'ana kutsogolo, aiyang'ana kumbuyo.

"Ina ija ili kuti?"
Iti, malume?
"Yokwera anthu."

Thumba lapita kunyumba pa njinga ya kabaza, azakhali pa ina. Amalume ndakwera nawo. Sanaone matayala, amafunafuna pogwira.

Suti ndatenga. Mtima uli phee. Mawa a Sichinga aona okha.

Loweruka, 14 Juni

5:30. Kulongedza. Kachewere, shuga, kireti, bulangete, zonse m'buti. Chitseko cha buti chatsekeka a Msukwa atachikhalira.

6:00. Pa mphambano ya msika paima mayi wachikulire, wochepa thupi, kachikwama m'manja. A Msukwa andigwira mkono. "Imani! Awa ndi ankhazi a Tiwonge, mlongo wawo wa a Sichinga. Anabwera kuchipatala, akubwerera ku mwambo womwewu. Mawu awo ndi amene amamanga nkhani. Mukawapitirira, tingobwerera pompano."

Tilipo asanu. Kumbuyo azakhali, ankhazi ndi amalume, mutu wa amalume utapindikira paphewa. Kutsogolo a Msukwa, chifukwa kumbuyo sangalowe ngakhale ndi pemphero.

Galimoto yakhala pansi. Ndamva ndi msana.

6:20. Phula latha. Bampu yoyamba: khwee! Yachiwiri: khwee! A Msukwa afunsa ngati m'buti muli nkhuku.

7:30. Bampu iliyonse madigadi akuluma tayala. Fungo la mphira wopsa. Ndikuyenda liwiro la njinga, ndipo njinga ziwiri zatipitirira, ina itanyamula chitseko. Azakhali ayambitsa nyimbo ya kumpingo. Ankhazi atseka mphuno ndi chitenje.

9:00. Nthawi yakwana. Ife pa Chisenga sitinafike. Mapiri a Mafinga aoneka, okongola ndithu, palibe wawayamikira. Netiweki palibe.

10:40. Tapitirira Chisenga. Ankhazi apempha kutsika, mseru. Ndazungulira kumbuyo. Matayala onse awiri ali ndi mzere wozungulira, wakuya, ulusi woyera ukuoneka. A Msukwa agwada, agwira. "Mabampu asanu, adada. Mwina asanu ndi imodzi."

Osadandaula, ndatero, tingochotsa masipesa a kumbuyo, mphindi makumi awiri. Tatsitsa kachewere, shuga, kireti, bulangete. Ndatukula kapeti ya m'buti.

Dzenje lopanda kanthu.

Jeke, sipanala ndi tayala la sipeya zili m'sitolo ya ofesi kuyambira Lolemba.

Amalume aloza galimoto. Katundu ndi anthu zitatsika, galimoto yadzuka, chala chikulowa bwinobwino. "Ikakhala yokha ikupuma bwino," akutero.

11:30. Tadikira lole. Yadutsa imodzi, yolowera ku boma, yodzaza chimanga. Ankhazi akuti kwatsalako ndi pafupi, tiyende. A Msukwa akuti galimoto tiisiye pa nyumba ya m'mbali mwa msewu, eni ake ndi a mpingo wawo, tonse tiyende pansi ngati anthu amodzi, kachewere atsatira pa njinga.

Ndayang'ana pabwalo la nyumbayo. Mbuzi zisanu ndi ziwiri. Mbuzi ndimazidziwa, ikaona chinthu chonyezimira imakwera. Ndati ayi, ndiyenda nayo pang'onopang'ono. A Msukwa andiyang'ana nthawi yaitali. "Yaye, adada," basi.

Mpando wa kutsogolo ungathe kunyamula munthu mmodzi wopepuka. Ndapempha ankhazi. "Yewo, yaye." Fungo lija lawakwana. Azakhali akuti sangakwere mwini mudzi akuyenda pansi. Amalume akuti sangakwere amayi akuyenda pansi. A Msukwa ayesa: khwee! Atsika.

Pampando pakwera thumba la kachewere. Ndalimanga lamba kuti lisagwere pa giya.

Kireti yapita pamutu pa azakhali. Shuga pamutu pa ankhazi, alanda okha kwa amalume. Amalume bulangete ndi sopo, a Msukwa mchere ndi jekete lawo.

Ndikakhala patsogolo, ndikuwathira fumbi. Ndikakhala pambuyo, zikuoneka ngati ndikuweta ng'ombe. Ndabwerera patsogolo, ndatseka mawindo. Pa galasi ndikuona azakhali akuyenda motsimphina, nsapato zawo zatsopano zili m'manja. Galimoto ikuyenda bwino kwambiri, phokoso palibe.

"Pafupi" pa ankhazi paja ndi maola awiri ndi theka.

5:00 madzulo, pakhonde la nyumba ya aphunzitsi ena pomwe atigoneka.

Tafika thu koloko itapitirira. Ndafika ine poyamba, ndi mapazi ngati zana. Za kuimika patali ndakumbukira nditafika kale pabwalo. Anthu anali ambiri, ovala bwino, ena atakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Mayi wina wayamba nthungululu. Kenako fumbi latsika, anthu anayi aja aonekera. Nthungululu yathera pakati.

Ndatsika, ndagwada maondo onse awiri. Monire yathawa m'mutu. Ndangoti yewo, yewo, kwa aliyense.

A Sichinga ndi munthu wamtali, wowonda, jekete lakuda. Andidutsa ngati chitsa. Apita kukakumana ndi mlongo wawo, amutula shuga ndi manja awo. Alonjera amalume, azakhali, a Msukwa, mmodzimmodzi, kwa nthawi yaitali. Kenako abwera pa galimoto. Aizungulira kamodzi. Asuzumira pawindo, aona thumba lili ndi lamba. Afunsa m'Chichewa, kuti ndimve:

"Iyi imanyamula anthu angati?"

Ndimatsegula pakamwa, ankhazi ayankha ali chikhalire pamphasa: "Yumoza. Na thumba." Mmodzi, ndi thumba.

Palibe waseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

Akuluakulu alowa m'nyumba. Ine andipatsa kampando pansi pa mtengo wa mango. Tiwonge watuluka kukhitchini ndi beseni la madzi ofunda. Diresi la buluu lomwe sindinalionepo, tsitsi lomangidwa mwatsopano. Wagwada kwa ankhazi ake pakhomo, wawasambitsa mapazi. Kenako azakhali anga, zidendene zawo zitatupa matuza. Wadutsa pafupi nane kawiri, popita ndi pobwera. Sanandiyang'ane.

Manyazi ndawaonapo pamoyo wanga, koma awa ndi ena.

Nkhani m'nyumba siinatenge ola. A Msukwa atuluka akupukuta nkhope. "Akuti amva. Tsiku sanatchule."

Nkhuku yozizira. Ndadya ndekha, pansi pa mtengo.

Lamulungu, 15 Juni

Akuluakulu abwerera pa lole ya chimanga. A Sichinga ndi amene aimitsa, alipira, akweza azakhali kutsogolo kwa dalaivala. Ine pambuyo, ndekha, m'fumbi la lole. Ulendo wonse palibe khwee ngakhale mmodzi.

Tafika pa boma wani koloko. Potsitsa katundu pa lole, patsika bulangete la nyalugwe. Patsika chitenje, shuga, mchere, sopo, kireti yosatsegula. A Msukwa aziunjika pakhonde panga, chimodzichimodzi.

Kachewere yekha watsala ku Wenya. Akuti ameneyo ndi wa amalume, ndipo amalume anayenda nawo pansi.

Ndafunsa a Msukwa ngati nkhani yatheratu. Akuti pomwe pasungidwa kanthu chitseko sichinakhomedwe misomali, koma iwo uthenga wanga sanyamulanso chaka chino, miyendo yawo ndi mbiri yawo zipume. Apita kwawo osamwa tiyi.

Azakhali aviika mapazi m'beseni. Sakundiyankhula, akuyankhula ndi malemu bambo, mokweza, ine ndili pomwepo.

Amalume anyamuka mawa m'mawa. Ndati ndidzawaperekeza ku depoti. Akuti ndisavutike, ayenda pansi, azolowera.

Ndaimbira Tiwonge katatu. Foni yozima. Ndalemba uthenga wautali, ndafufuta. Ndalemba "Pepa". Sunapite.

Ndinali ndi sabata yathunthu ndi mkazi wondidikira. Mtima ukuwawa, ndipo woloza chala palibe. Mayi Nabanda anandifunira zabwino, Fundi ananena.

Mawa:
1. Kutenga jeke.
2. Kuchotsa masipesa.
3. Matayala awiri atsopano, mwezi ukatha.
4. Lipoti.

Madzulo ano ndakhala pakhonde, galimoto ili patsogolo panga, fumbi mpaka padenga. Yaimabe bwino, zimenezo palibe angatsutse. Wadutsa bambo wina pa njinga, akuchokera ku tchalitchi, mkazi wake pa kaliyala, mwana kumsana kwa mayiyo, jumbo la ufa pa handulo. Waponda pansi, wayang'ana matayala, wagwedeza mutu mosilira.

"Bwana, galimoto ndi iyi. Ife tidzangofa osaikwera."

Ndati yewo. Mkazi wake wamutsina m'nthiti kuti azipita, akuseka, wamugwira m'chiuno. Apalasa kukwera kamtunda ka kumsika, onse atatu, njinga ikulira pang'ono. Ndawayang'ana mpaka akhota.